Matayala Akutsogolo Sagwira Ntchito

Ku ufumu wathu wa Tilipambuyo tili ndi misewu iwiri, wa fumbi ndi wa matope, ndipo yonse iwiriyo ndi msewu umodzi womwewo. Umayambira ku likulu la Pamtunda, umatsetsereka n'kudutsa pa msika wa Manong'onong'o, umalowa m'dambo la Mezani, ndiye ukakhala ndi mwayi umakatulukira kutsidya, ku mudzi wa Tidikirebe. Alendo akauona amapukusa mitu, amati n'zomvetsa chisoni. Asatiderere. Msewu umenewu ndi umene unatipatsa luso limene timatchuka nalo mpaka kunja kwa malire, luso lokankha galimoto.

Eee, pa kukankha pokha palibe mtundu wotiposa. Mwana wa kwathu asanadziwe kumina amakhala atadziwa kale poika phewa. Tili ndi nyimbo zokankhira, tili ndi Bungwe la Okankha lokhala ndi tcheyamani ndi yunifolomu, ndipo mnyamata amene sanathiridwepo matope kumaso ndi tayala la boma, akapita kukafunsira mbeta, akuchikazi amayamba ayang'anana kaye. Anthu a maiko ena galimoto ikatitimira amafunsa kuti, "Kodi msewu uwu adzaukonza liti?" Ife funso lotero timaliona ngati ulesi. Timangovula malaya n'kulowa m'matope.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inagwa bwino kwambiri, moti tinasowa chonamizira. Chimanga chinamera, tinapalira, chinafika m'chiuno, kenaka chinayamba kuchita chikasu chifukwa feteleza wobereketsa anali asanafike. Muyenera kudziwa kuti ku Tilipambuyo feteleza sagulidwa ngati mchere. Amaperekedwa, ndipo amaperekedwa ndi dzanja la Mfumu Yaikulu Phulanya Wachiwiri, Njovu Yosabwerera M'mbuyo, pa nsanja, ng'oma zikulira. Matumba a ku Tidikirebe anali atasanjidwa kale m'ngolo ku likulu. Chosowa chinali galimoto yoti ikoke ngoloyo n'kuoloka nayo Mezani, popeza galimoto yakale ya Mfumu, yakuda ija yokwawa ndi mimba, inamira m'dambo lomwelo dzinja lathalo, ndipo achule anali atagawana kale mipando.

Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa nkhani iyi wamva m'mimba anali Nangondo, mayi wa ku Tidikirebe wogulitsa tomato pa msika wa Manong'onong'o. Munda anali nawo umodzi wokha, ana anali nawo ambiri, ndipo m'nkhokwe mwake ngakhale mbewa zinali zitasamukamo. Mwamuna anali naye, a Gelesomu, koma a Gelesomu ndiwo anali tcheyamani wa Bungwe la Okankha, ndiye khasu ankaliona ngati chida cha anthu opanda udindo. M'mawa uliwonse Nangondo ankadzera m'munda mwake, kutembenuza masamba, kusuzumira kunsonga kwa mapesi. Ankadziwa kuti chimanga chikangomasula ngayaye chisanalawe feteleza, basi, ana ake chaka chimenecho adzagona ndi njala.

Mfumu inaitanitsa bwalo la nduna kuti lisankhe galimoto. Kunabwera wogulitsa magalimoto, a Dafuleni, munthu wa suti yonyezimira ndi pakamwa potsekemera. Anaimika chigalimoto choyera pabwalo la nyumba yachifumu, n'kumachisisita ngati ng'ombe ya malowolo.

"Mfumu yanga, Njovu Yosabwerera M'mbuyo, ndi inu nduna zolemekezeka," anayamba a Dafuleni, "awa ndiye mankhwala a dzinja. Anyamata a kudepoti amaitcha fobayifo. Taonani msinkhu wake, mimba yake sigunda pansi ngakhale mutadutsa pa chitsa. Taonani matayala, mano okhaokha. Kumbuyoku kuli chitsulo chokolekapo ngolo, ndipo injini yake ikhoza kukoka tchalitchi akhristu ali momwemo. Kutsogoloku kuli ngowe, kuti tsiku la tsoka thirakitala imangirirepo chingwe ikutulutseni."

Nduna zinati, "Eeee!" zonse pamodzi, monga zimachitira zikamva chinthu chimene sizinachimvetse. Nduna ya Misewu inafunsa ngati galimotoyo ili ndi poika mbendera. Nduna ya Zaumoyo inafunsa ngati magalasi ake ndi akuda mokwanira, kuti Mfumu isamadwale mtima poona anthu owonda. A Dafuleni anati zonsezo zilipo.

"Nanga matope?" inafunsa Mfumu. Inali isanaiwale tsiku limene inatuluka m'dambo la Mezani ili pa msana pa wapolisi.

"Matope ndiye ndiwo zake, Mfumu! Galimoto wamba, matayala akumbuyo okha ndi amene amakankha, akutsogolo amangoloza njira. Koma iyi ayi. Mukafika poterera, dalaivala amangokoka kagiya kakang'ono aka, pomwepo matayala onse anayi amagwira ntchito mofanana. Akutsogolo amakoka, akumbuyo amakankha. Palibe tayala lodyera masuku pamutu linzake."

Kenaka anadzuka a Likongwe, Nduna ya Mwambo ndi Ulemu, nkhalamba yowonda miyendo koma yamimba, imene ntchito yake inali kudziwa zoletsedwa.

"Tabwerezani, mwana wanga. Mwati akutsogolo amatani?"

"Amakoka, bwana."

"Amagwira ntchito?"

"Kwambiri, bwana."

"Mofanana ndi akumbuyo?"

"Osasiyana mpang'ono pomwe."

A Likongwe anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso, kenaka anatembenukira kwa Mfumu.

"Mfumu, imvi izi zamera ndikusunga mwambo wa dziko lino. Chiyambire makolo athu, akutsogolo amaloza njira, akumbuyo amakankha. Ndi mmene dziko lakhala likuyendera, ndipo ngakhale pamene silinkayenda, linkaima mwaulemu. Lero kwabwera chitsulo chachilendo kudzaphunzitsa anthu athu kuti wakutsogolo nayenso azituluka thukuta. Taganizani, Mfumu! Munthu wamba akaona tayala lakutsogolo likupalasa matope, mawa lake maso ake adzagwera pa ndani? Pa ife! Adzayamba kufunsa kuti nanga a nduna aja mapewa awo amawasungira ntchito yanji. Iyi si galimoto, Mfumu. Ichi ndi chipani choukira choyenda pa matayala anayi."

Nduna zonse zinagwira mapewa awo mosazindikira. A Dafuleni, poona kuti malonda akuwapulumuka m'manja, anatembenuza lilime pomwepo.

"Pepani, akuluakulu, ndinalankhula mothamanga. Kagiyako mukapanda kukagwira, matayala akutsogolo amakhala ngati mabwana enieni. Sadziwa n'komwe zimene zikuchitika kumbuyo."

Bwalo linakambirana mpaka nthawi ya nkhomaliro, linadya, linakambirananso. Ena ankati isagulidwe. Koma Mfumu inali itakwera kale m'kati n'kuona kuti ukakhala mmenemo anthu onse umawaona pa liwombo, ndiye mtima unali utagwa kale. Choncho anagwirizana kuti galimoto igulidwe ndithu, ya mphamvu pa matayala onse, popeza ufumu woyandikana nawo uli nayo, koma kagiya kaja kamangidwe nsalu yofiira, ndipo aliyense wokagwira athamangitsidwe m'dziko. Pa ngowe yakutsogolo ija a Likongwe anakolekapo litchowa. Anakumbutsa bwalo za lamulo lakalekale loti pa ulendo palibe munthu, chiweto kapena chitsulo chololedwa kukhala kutsogolo kwa Mfumu, ndiye thirakitala ingakoke bwanji Mfumu popanda kuitsogolera? Nduna zinavomereza kuti pamenepo a Likongwe aona patali.

Lamulo linafika pa msika wa Manong'onong'o pa galimoto ya chimkuzamawu.

"Mverani, mverani! Mfumu Yaikulu, chifukwa chokonda anthu ake, yagula galimoto ya mphamvu pa matayala onse anayi! Ndipo chifukwa chokonda mwambo, yalamula kuti awiri azipuma!"

Wogulitsa nyama anaika chikwanje chake pansi. "Ndiye kuti agula bulu wa miyendo inayi kuti aziyendera iwiri."

"Mukudabwa chiyani, achimwene?" anatero mayi wina wa kaunjika. "Nduna zathu zili ndi manja awiriawiri. Munaonapo ina ikugwiritsa ntchito onse?"

"Aa, musaname, lolandirira lija silipuma."

Tinaseka chikhakhali mpaka nthiti kuwawa. Pa msika wa Manong'onong'o ife ndife olimba mtima zedi. Mafumu amene tawagwetsa pakati pa benchi ya usipa ndi benchi ya anyezi ndi osawerengeka. Galimoto ya chimkuzamawu ija itatembenuka n'kudutsanso, tonse tinaimirira n'kuomba m'manja, ndipo wogulitsa nyama uja ndi amene anayambitsa.

A Gelesomu anafika pa benchi ya akazi awo nkhope ikuwala.

"Make Tiyese, mwamva? Tapulumuka! Ine mtima unali m'mwamba. Chigalimoto chodzitulutsa chokha m'matope, ndiye ife a bungwe tikanakhala ndani m'dziko muno?"

"Bambo a Tiyese, ine za matayala sindizidziwa," anayankha Nangondo uku akusanja tomato. "Ine ndikufunsa kuti thumba langa lifika liti. Mizere ya kumtunda ija yayamba kale kutupa kunsonga."

"Mfumu sifulumizidwa, mayi."

"Kachiuzeni chimangacho. Ine ndachiuza, sichikumva."

Ulendo sunanyamuke msanga ayi. Galimoto inayenera kupatsidwa dzina kaye, ndiye panakhazikitsidwa komiti ya dzina. Komitiyo inakangana ndi komiti ya nyimbo, ndipo panafunika komiti ina yoyanjanitsa awiriwo. Uku chimanga cha ku Tidikirebe chikunka chiyezuka. Pamene akuluakulu ankalengeza tsiku, Nangondo anali atasiya kusuzumira kunsonga kwa mapesi, chifukwa ankaopa chimene akaoneko.

Tsikulo linafika kutacha bwino, mvula itakhuta pansi. Patsogolo panali Mfumu m'chigalimoto chake choyera, a Likongwe atakhala pambali pa dalaivala kuti aziyang'anira nsalu yofiira ija. Kumbuyo kunali ngolo ya feteleza, kenaka magalimoto a nduna, apolisi, thirakitala ya boma, ndiye ife apansi. Nangondo anasiya tomato wake kwa mnzake n'kumayenda chamderadera pafupi ndi ngolo, maso ali pa matumba. Ndikhulupirira anali atasankha kale lake.

Mpaka pa msika zonse zinayenda ngati ukwati. Galimoto inalowa m'dambo la Mezani mwamatama, madzi akugawikana uku ndi uku, amayi akuimba nthungululu. Itafika pakati penipeni, ngolo inagwira, injini inabangula, matayala akumbuyo anayamba kuzungulira pamalo amodzi, kwiii, kwiii, akumwaza matope mpaka pa magalimoto a nduna. Matako a galimoto anakhala pansi. Matayala akutsogolo anangoti duu, oyera bwino, aulemu wawo.

Amene anali pafupi akuti anaona dzanja la dalaivala likuyenda lokha pang'onopang'ono kulowera ku kagiya kaja. A Likongwe anatsokomola kamodzi. Dzanja lija linabwerera pa chiwongolero ngati lapsa.

Woyendetsa thirakitala anabwera akupalasa madzi, chipewa chili m'manja. "Bwana, ndilambalale cha uko ndikamange chingwe kutsogolo? Sizichedwa."

"Iwe ukhale kutsogolo kwa Mfumu?" anafunsa a Likongwe pa windo. "Bambo wako ndani?"

"Ndiye ndikokere kumbuyo, bwana, tiyambirenso."

"Mukumumva? Akufuna kubweza m'mbuyo Njovu Yosabwerera M'mbuyo! Apolisi, mulembeni dzina."

Apa Nangondo analephera kupirira. Anagwada m'madzi momwemo monga mwa ulemu, nsalu yonse kunyowa.

"Pepani, a nduna, ndine munthu wamkazi, koma ndilankhuleko. Kwathu ndi apo pakuoneka madengapo. Tipatseni matumbawo tisenze pamutu. Ngolo ipepuka, galimoto ituluka, ife lero lomwe tikathira."

"Mayi," anatero a Likongwe mwachifundo, ngati akulankhula ndi wodwala, "feteleza wolandirira m'dambo, popanda nsanja, popanda ng'oma, popanda dzanja la Mfumu, ameneyo si mphatso. Ameneyo ndi wakuba. Mukufuna chimanga chanu chikule ndi zakuba?"

Ndiye panatsala njira imodzi yokha, yathu ija. A Gelesomu anaimba wenzulo, malaya anauluka, tinalowa. Abale, tinakankha! Ena pa galimoto, ena pa ngolo, ena pa misana ya anzawo. A Gelesomu anayambitsa nyimbo, ife tikuvomera:

Kankha, kankha, mwana wa mayi,
Wokwera sadziwa kulemera!

Mawu a nyimbo zathu sitiwaganizira, timangoimba. Matope anatilowa m'kamwa, m'makutu, m'malo ena osatchulika, ndipo amene anathiridwa kwambiri ankayang'ana anzawo monyada. Koma tikati tikankhe, galimoto imapita pansi m'malo mopita kutsogolo. Madzi anafika pa chitseko. Kenaka galasi lakuda lakumbuyo linatsika pang'ono, ndipo dziko lonse linamva mawu a Mfumu.

"Nsapato zanga zayamba kumva chinyezi."

Apo zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Nduna ya Zaumoyo inakomoka, Nduna ya Misewu inalamula kuti pafufuzidwe amene anaika dambo pamenepo. Aliyense ankadziwa kuti pakufunika choika kunsi kwa matayala kuti agwire. Koma m'dambo mulibe miyala, ndipo mitengo yonse ya m'mbali mwa Mezani tinaotcha makala kalekale, n'zitsa zomwe.

Olemba mbiri ya dziko lino amakonda kunamizira nduna chilichonse. Pa ichi chokha ndiziikire kumbuyo. Nzeru imene inatsatira sinachokere m'galimoto iliyonse, inachokera kwa ife a m'matope, ndipo inatulukira pakamwa pa tcheyamani wathu.

"Matumba!" anakuwa a Gelesomu. "Matumba a feteleza aja ndi olimba! Tiyale kunsi kwa matayala!"

A Likongwe anatsinzina, kufufuza m'mutu mwawo ngati mwambo ukuletsa. Anatsegula maso akumwetulira. "Feteleza kumupereka kwa anthu m'dambo muno n'koletsedwa. Koma kumuika pansi pa Mfumu, amenewo ndiwo malo a chinthu chilichonse m'dziko muno. Chitani."

Ndinakhala ndikumva kuti anthu a ku Tilipambuyo sitidziwa kugwirizana. Bodza! Mukanaona mzere umene tinapanga tsiku limenelo, thumba likuchoka m'manja kulowa m'manja, popanda kapitawo, popanda komiti. Ngolo inatha ngati mtedza wokazinga pa maliro. Tayala likang'amba thumba, feteleza ankamwazika woyera mbee, n'kusungunuka m'madzi tikuona. Galimoto inayamba kusuntha pang'ono, kenaka inaimanso. Panafunika thumba limodzi lokha, ndipo tonse titatembenuka tinaliona. Linali pa chulu cham'mbali mwa msewu, Nangondo atalikhalira.

A Gelesomu anapita pa chulupo.

"Make Tiyese, tadzukani. Mukundichititsa manyazi pamaso pa Mfumu."

"Manyaziwo tidzaphika?"

"Mayi, ndine tcheyamani ine. Anthu akuona."

"Aone. Ili ndi langa. Ndalidikira chimanga chili m'mawondo mpaka chafika m'chiuno. Inu mwataya a mudzi wonse, sindinalankhule. Limodzi lokhali, bambo a Tiyese. Limodzi."

Mukuganiza kuti ife tinatani, ife a pa msika, ogwetsa mafumu pa benchi ya usipa? Tinakuwa. "Dzukani, mayi inu, mukuchedwetsa chitukuko!" "Kudzikonda bwanji!" Mayi wa kaunjika uja ndiye mawu ake ankamveka pamwamba pa onse. Chifukwa chake n'chosavuta. Matumba athu anali atapita kale, ndiye mtima unkawawa kuona wina akutsala ndi lake.

Nangondo anatiyang'ana mmodzimmodzi, ndipo palibe amene anapirira maso akewo. Kenaka anadzuka, nakonza nsalu yake.

"Tengani. Koma muliyale bwino lisaterereke. Ndi chakudya cha ana anga chimenecho."

Tinaliyala bwino ndithu. Tayala linaliluma, galimoto inalumpha ngati mbuzi yodula chingwe, ngolo yopanda kanthu ikugubuduka kumbuyo, mpaka kutsidya. Chisangalalo chake! Tinakumbatirana, ena analira. Nduna zinasiya magalimoto awo tsidya lino n'kuoloka pa misana yathu. Thirakitala inaoloka yokha bwinobwino, osakoka kanthu, ikutsatira mwaulemu.

Ku Tidikirebe nsanja inali yokonzeka, ng'oma zili pamoto. A Likongwe analankhula nthawi yaitali. Anati lero dziko laona ndi maso kuti matayala akumbuyo ndi okwanira, bola anthu akhale okhulupirika. Anati Mfumu, mwa nzeru zake zakuya, yaona kuti si bwino kuvutitsa anthu ndi kusenza, choncho yathira yokha feteleza m'nthaka ya dziko. Tinaomba m'manja. A Gelesomu anaitanidwa kutsogolo, Mfumu inawaveka mendulo pa chifuwa chamatope chomwecho. Ndipo popeza mwambo wopereka sungathe popanda chopereka, wapolisi anathamangira kudambo n'kubwera ndi thumba long'ambika. Mfumu inalipereka ndi dzanja lake kwa mkazi wa tcheyamani m'malo mwa mudzi wonse, ndipo anamuikira chimkuzamawu pakamwa kuti athokoze.

"Tathokoza, Mfumu," anatero Nangondo ali chigwadire. "Thumba ndi labwino. Chaka chino tapeza posungira njala yathu."

Tinayang'anana, osadziwa ngati awa ndi mawu oombera m'manja kapena othawa. A Likongwe anamva mawu oti "tathokoza" okha, anaomba, ndiye tonse tinaomba.

Gule atatha ndi pamene wina anakumbukira chinthu chimene bwalo lonse la nduna silinachiganizire. Msewu wobwerera ku likulu ndi womwewo. Dambo linali pomwepo likudikira, maenje ake atakula kuposa m'mawa, ndipo matumba anali atatha. A Likongwe anagamula kuti nsapato za Mfumu zisamvenso chinyezi kawiri tsiku limodzi, ndiye njira iyalidwiretu ulendo usanayambe, chifukwa ulendo ukayamba palibe wololedwa kutsogolo. Funso linali loti iyalidwe ndi chiyani.

Mendulo ndi chinthu choopsa, abale. Ikakhala pa chifuwa imayabwa, imafuna inzake. A Gelesomu anagwada pamaso pa nsanja.

"Mfumu, munda wanga uli pafupi ndi dambo pompa. Mapesi ake ndi aatali bwino."

"Mwana wokhulupirika!" anatero a Likongwe. "Ndipo palibe chotayika. Chimanga chopanda feteleza chili ndi phindu lanji?"

Tinatenga zikwanje, a Gelesomu akutsogolera. Poyamba anatilowetsa m'munda wa eni ake, chifukwa wawo sankaudziwa bwino, koma mwini mundawo anatilozera msangamsanga malo oyenera. Tinapeza Nangondo wafika kale, waima pa mzere woyamba, thumba long'ambika lija lili m'manja.

"Anthu inu," anatero, "ngakhale n'chachikasu, china chikanabereka tizitsononkho. Ana akanaotcha. Kodi mulibe ana inu?"

Zinali zomvetsa chisoni, ndipo chisoni tinachimva ndithu, ena misozi inalengeza m'maso. Koma kumbuyo kwathu injini ya Mfumu inali italira kale. Tinamulambalala uku ndi uku, n'kuyamba kudula. Tinadula mwaluso, pansi penipeni, tikusanja m'mitolo. Dzuwa lisanalowe munda unali mbee, ndipo pa dambo la Mezani panali msewu wa mapesi wokongola kuposa msewu uliwonse umene Nduna ya Misewu inamangapo. Chigalimoto choyera chinadutsa osagwedezeka, matayala akutsogolo osadetsedwa. Galasi lakuda linatsika pang'ono, dzanja la Mfumu linatibayibitsa.

M'mawa mwake wailesi ya ufumu inalengeza kuti chifukwa cha feteleza wa Mfumu, mudzi wa Tidikirebe wakhala woyamba kukolola m'dziko lonse. A Dafuleni anaitanidwanso ku likulu, ndipo nduna iliyonse inaitanitsa fobayifo yakeyake, ndi nsalu yofiira yomwe.

Nthawi yokolola yeniyeni itafika, a Gelesomu anabwera kunyumba masana kuchokera ku msonkhano wa bungwe, anakoleka mendulo yawo pa msomali, n'kukhala pakhonde. Nangondo sanawanyoze, sanawakalipire. Anabwera ndi madzi, anagwada, anawasambitsa m'manja monga mkazi wolangizidwa bwino. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mbale yovundikira, naiika patsogolo pawo. Ana onse anali atakhala pa mphasa, maso ali pa mbaleyo.

A Gelesomu anapemphera, anavundukula. M'mbalemo munali mendulo ija, yotsukidwa bwino.

"Idyani, bambo a Tiyese," anatero Nangondo. "Mukakhuta musiyireko ana."

Nkhaniyi itafika pa msika wa Manong'onong'o tinaseka mpaka kugwira pansi. Tinaibwereza pa benchi iliyonse, wina akuyesezera nkhope ya a Gelesomu, wina mawu a Nangondo. Kenaka tinalongedza malonda athu n'kubwerera kwathu. Tsiku limenelo, akazi athu atatiikira mbale patsogolo, panalibe mwamuna amene anafulumira kuvundukula.